Kodi nsomba nazo zimapita kusukulu?

Mng'ono wanga wa Fomu 2 ananditumizira uthenga pa WhatsApp akuseka: "Achimwene, m'buku lathu alemba kuti a school of fish. Ndiye kuti nsomba zili ndi aphunzitsi?"

Ayi ndithu. School ameneyu anachokera ku Chidatchi chakale ndipo amatanthauza gulu. Wangofanana kalembedwe ndi sukulu yathu ija. Akatswiri a nsomba amati school pamene nsomba zikusambira mogwirizana, zonse kuloza mbali imodzi, monga umachitira usipa.

Mawu osokoneza kwambiri ndi shoal, chifukwa ali ndi matanthauzo awiri. Loyamba ndi gulu la nsomba zimene zili pamodzi, ngakhale iliyonse ikuyang'ana kwake. Lachiwiri ndi malo osaya, pomwe mchenga wayandikira pamwamba pa madzi. Apa shoal ali pachibale ndi shallow, kutanthauza posaya.

Kusiyanaku si nkhani yamasewera. Msodzi wa ku Nkhotakota akamva za shoal ya usipa amakondwa. Woyendetsa Ilala akaona shoal pamapu amakhota msanga, kuopa kutitimira mumchenga. Ndiye pamayeso musathamangire kumasulira mawu amodzi, yambani mwawerenga chiganizo chonse.