Singano M'khutu: Kodi N'koyenera Kubayitsa Dziko Likamazungulira?

Achemwali anga anandiimbira pa WhatsApp usiku wina, mawu ali pansipansi ngati munthu woopa kudzutsa khanda. Iwo amakhala ku Leicester, m'dziko la Britain, komwe amagwira ntchito yosamalira okalamba. "Achimwene," anatero, "adokotala akuti andibaye jakisoni m'khutu. Osati pamkono, osati pathako, koma m'khutu mwenimwenimo. Inu mukuona bwanji?"

Ine si dokotala, koma matenda awowo ndinawaona ndi maso anga. Chaka china atabwera kutchuthi kumudzi kwathu ku Ntcheu, tinali pakhonde tikusenda mbatata ya kachewere. Anayamba n'kudandaula kuti khutu lakumanzere ladzaza ngati munthu amene wamira pamtsinje, kenako anati likulira ngati chigayo chakutali. Pasanathe nthawi anakumbatira mzati wa khonde n'kumati nyumba ikutembenuzika. Tinawagoneka pamkeka. Maso awo ankathamangira mbali imodzi n'kubwerera, thukuta lili kamukamu, ndipo anasanza mpaka m'mimba munatsala ndulu yokha. Zinatenga maola anayi. Kuchipatala anawayeza malungo, sanapezeke. Azakhali anati magazi achepa. Ena ananong'onezana za anthu a nsanje ndi ndalama za kunja. Panalibe amene anaganizako zoti gwero la zonsezi ndi khutu.

Matendawa amatchedwa Ménière, potengera dzina la Prosper Ménière, dokotala wa ku France amene mu 1861 anauza anzake ku Paris kuti chizungulire cha mtundu umenewu chimachokera m'khutu, osati muubongo monga ankaganizira nthawi imeneyo. Kuseri kwa nembanemba ya m'khutu, m'kati mwa fupa lolimba la chigaza, muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono komwe timamvera mawu. Moyandikana nako muli timachubu titatu topinda ngati uta, timene timauza ubongo ngati mutu waima, wapendekeka kapena watembenuka. Monsemo muli timadzi. Mu 1938, Hallpike ndi Cairns ku London, komanso Yamakawa ku Japan, anapeza kuti mwa odwala matendawa timadzito timachuluka mpaka kufufumitsa tinjira take. Khutu lodwalalo limatumiza uthenga wabodza, linzake likutumiza woona, ndipo ubongo umasokonezeka. Chimene chimachulukitsa timadzito akatswiri akukanganabe mpaka lero. Chizungulire chake chimatenga mphindi 20 mpaka maola 12, chimakonda kuyamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 40 ndi 60, ndipo nthawi zambiri chimayambira khutu limodzi.

Koma amene akukhala nawo matendawa adzakuuzani kuti maola a kusanza aja si ndiwo oipitsitsa. Choipitsitsa ndi masiku apakati, pamene munthu akuoneka bwinobwino koma sakudziwa kuti zimugwera liti. Achemwali analeka kuyendetsa galimoto. Kuntchito, akamathandiza gogo wina kudzuka pabedi, mtima unkakhala m'mwamba poganiza kuti nanga zitayamba panopa, onse awiri n'kugwera pansi? Kutchalitchi anayamba kukhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Munthu wothyoka mwendo amamveredwa chisoni chifukwa pulasitala amaoneka. Wa chizungulire akamadzandira mumsewu anthu amangoti wamwa.

Jakisoni si chinthu choyamba chimene madokotala amafikira. Amayamba ndi kuchepetsa mchere, kuti usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, kuwerengera ndi wobisika m'buledi, m'soseji ndi m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi. Amalangizanso kuchepetsa khofi ndi mowa, amapereka mapiritsi okodzetsa, ndiponso mankhwala otchedwa betahistine. Achemwali anamwa zonsezi mokhulupirika kwa chaka chathunthu. Ndinadabwa nditamva kuti kafukufuku wamkulu wa ku Germany, amene anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala ya BMJ, anapeza kuti odwala omwa betahistine sankasiyana ndi omwa mapiritsi opanda mankhwala alionse. Komabe mapiritsiwa akulembedwabe tsiku ndi tsiku, chifukwa savulaza kwenikweni ndipo dokotala safuna kubweza wodwala chimanjamanja.

Zimenezi zikakanika ndi pamene singano imatuluka. Dokotala amapaka mankhwala ochititsa dzanzi pa nembanemba ija, n'kuyang'ana ndi makina okulitsa zinthu, kenako amalowetsa singano yopyapyala n'kuthira mankhwala a steroid, kaya dexamethasone kapena methylprednisolone, osakwana ngakhale theka la kasupuni. Wodwala amagona chopendeketsa mutu kwa mphindi 20 kapena 30, osayankhula, osameza malovu, kuti mankhwala asatsikire kummero. Panthawi imeneyo amalowerera pang'onopang'ono kudzera pa kazenera kakang'ono kolowera m'khutu la m'kati. Tsiku lomwelo munthu amabwerera kunyumba.

Amene amayamikira njirayi ali ndi mfundo zolimba, ndipo mfundo yawo yaikulu imamveka bwino tikayang'ana jakisoni winayo amene analipo kale. Ambiri timadziwa gentamicin, mankhwala opha tizilombo amene amabayidwa m'zipatala zathu. Mankhwalawa ali ndi khalidwe lowononga tinthu ta m'khutu timene timamva kupendekeka kwa mutu, ndipo madokotala anatenga choipa chimenechi n'kuchisandutsa chida: amawathira dala m'khutu lodwala kuti lileke kutumiza uthenga wabodza uja. Zimagwira ntchito ndithu. Koma walira mvula walira matope. Odwala ena amagonthera pomwepo khutu limenelo, ena amatsala akuyenda ngati ali m'bwato, makamaka mumdima, ndipo chimene chafa sichidzukanso. Matenda akadzalowa khutu lachiwiri patapita zaka, monga zimachitikira ena, munthu amakhala kuti anawononga kale khutu limene likanamuthandiza.

Mu 2016 magazini ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wochitikira ku London ndi ku Leicester komweko. Odwala 60, amene mankhwala ena anali atawakanika, anagawidwa pawiri: ena anabayidwa gentamicin, ena methylprednisolone, kawiri, motalikiranitsa milungu iwiri, ndipo onse anatsatiridwa kwa zaka ziwiri. Kwa a gentamicin chizungulire chinachepa ndi 87 pa 100 alionse. Kwa a steroid chinachepa ndi 90. Ndiko kuti mankhwala osawononga aja anachita mofanana ndi owonongawo. Onjezerani kuti steroid wobaya m'khutu safalikira kwambiri m'thupi monga amachitira wakumwa, amene amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi komanso kufooketsa mafupa akamwedwa nthawi yaitali. Kwa munthu wa matenda a shuga, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Nditawerenga manambala amenewa ndinatsala pang'ono kuimba foni n'kunena kuti pitani mawa lomwe. Chinandigwira dzanja ndi funso limodzi: nanga akanapanda kubayidwa n'komwe, zikanachepa ndi zingati? M'kafukufuku ameneyu munalibe gulu lobayidwa madzi chabe. Ndipo matenda a Ménière amabwera m'nyengo. Amakalipa miyezi ingapo, kenako amagona okha, nthawi zina kwa chaka chathunthu, ndipo mwa anthu ambiri chizungulire chimazilala chokha zaka zikamapita, n'kusiya khutu losamva bwino. Munthu amavomera singano m'khutu pamene zafika pachimake, ndiye kuti pamene zatsala pang'ono kutsika. Ali ngati wopempha mvula mu Disembala: ikagwa mawa lake, ndani angatsimikize kuti ndi pempho lija, osati nyengo yake yakwana?

Mbiri ya matendawa ili ndi chenjezo pa nkhani imeneyi. Alan Shepard, munthu woyamba wa ku America kupita m'mlengalenga mu 1961, analetsedwa kuuluka kwa zaka zingapo chifukwa cha Ménière. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 dokotala William House wa ku Los Angeles anamuchita opaleshoni yoika kachubu kotulutsa timadzi tija, ndipo mu 1971 Shepard anaponda pamwezi paulendo wa Apollo 14. Umboni woposa pamenepa ungaupeze kuti? Komatu mu 1981 madokotala a ku Denmark anafalitsa zimene anapeza atatenga odwala 30, theka n'kuwachita opaleshoni yeniyeniyo, theka linalo n'kungowang'amba kuseri kwa khutu popanda kuika kachubu. Ambiri m'magulu onse awiri ananena kuti apeza bwino. Akatswiri akutsutsanabe za kafukufuku ameneyu, koma phunziro lake silinafufutike: pa matenda awa, ngakhale umboni wa munthu woponda mwezi sukwanira.

Jakisoni wa steroid atayesedwa poyerekeza ndi wonamizira, zotsatira zakhala zosakanikirana. Kafukufuku wamng'ono wa ku Mexico mu 2005, wa odwala 22 okha, anasonyeza kuti dexamethasone amathandiza. Koma kampani ya ku America yotchedwa Otonomy, imene inapanga dexamethasone wokhuthala kuti azikhalitsa m'khutu, inaona mankhwala ake akulephera kuposa jakisoni wonamizira m'kafukufuku wamkulu mu 2017, ndiponso mu 2021. Bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zaumoyo, linanena mu 2023 kuti umboni umene ulipo ndi wofooka. Silinati jakisoniyu sagwira. Linati zimene zayesedwa sizikukwanira kuti munthu alumbirire mbali iliyonse.

Palinso zing'onozing'ono zimene wodwala ayenera kuuzidwa asanagone pabedi lija. Methylprednisolone amawotcha polowa. Chizungulire chimatha kubwera kwa mphindi zochepa, makamaka mankhwala akakhala ozizira. Bowo la singano limatsekeka lokha mwa ambiri, koma mwa ena ochepa limatsala, n'kumalowetsa madzi posamba. Mpumulo umene munthu amaupeza umatha kukhala wa miyezi chabe, n'kufunika kubayanso. Ndipo chimene chimakhumudwitsa ambiri ndi ichi: jakisoniyu cholinga chake ndi chizungulire. Kulira kwa khutu ndi kugontha kumene kwachitika kale kawirikawiri sikusintha.

Nanga ndinawayankha chiyani achemwali? Ndinati bayitsani. Sindinatero chifukwa chokhulupirira kuti 90 pa 100 uja ndi wa singano yekha, ayi. Ndinatero chifukwa poika pasikelo, chimene angataye ndi chochepa, pamene chimene matenda anali kuwalanda, ntchito, tulo, ufulu woyenda okha, chinali chachikulu. Njirayi siitseka khomo lililonse. Ikakanika, gentamicin akadalipo, opaleshoni ikadalipo. Kuyamba ndi gentamicin ndiko kugwetsa mtengo pofuna kuchotsa nthambi. Koma munthu amene chizungulire chimamupeza kawiri pachaka, n'kudzuka kupitiriza moyo wake, sindingamukankhire kusingano. Ndipo dokotala aliyense amene angalonjeze kuti jakisoniyu achiza matendawa, ameneyo akunena zoposa zimene akudziwa. Ndinawapempha chinthu chimodzi: agule kope, azilemba tsiku lililonse limene zawagwira, maola ake, ndi zimene anadya. Mtima wa munthu wovutika umakumbukira zimene ukufuna, koma kope silikondera.

Nkhaniyi imandipweteka kwambiri ndikaganiza za kwathu kuno. Achemwali anapeza dzina la matenda awo chifukwa ali kumene kuli makina oyezera makutu ndi madokotala ake. Ku Malawi, Dr Wakisa Mulwafu wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anakhala zaka zingapo ali yekha dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi m'dziko lonse. Zinthu zasinthako, ndipo ku African Bible College ku Lilongwe kuli malo oyezera makutu, koma mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene dziko likumuzungulira adzamwa mankhwala a malungo ndi owonjezera magazi kangapo asanamve kuti vuto lili m'khutu. Kukangana za dexamethasone ndi gentamicin ndi mwayi wa amene adziwa kale chimene akudwala.

Ndipo pali vuto lina la khutu la m'kati limene steroid yemweyu amagwiritsidwa ntchito, pomwe nthawi ndiyo imalamula. Munthu amatha kudzuka m'mawa khutu limodzi litatseka, popanda ululu kapena mafinya. Ambiri amati ndi phula, n'kuyamba kutokosa ndi chibiriti kapena nthenga ya nkhuku. Malangizo a madokotala a makutu ku America a mu 2019 amati wodwala wotere atha kupatsidwa steroid mkati mwa milungu iwiri, ndipo ngati kumva sikunabwerere, abayidwe m'khutu pakati pa milungu iwiri ndi isanu ndi umodzi. Mwezi wachitatu ukakwana, khomo limakhala litatsekeka. Ameneyu sayenera kudikira kuti aone ngati zitha zokha.

Achemwali anabayitsa kawiri. Akuti kubayako sikunawawe monga ankaopera, koma kugona theka la ola osameza malovu ndiko kunali kovuta. Mlungu watha anandijambulira tsamba la kope lija n'kunditumizira. Miyezi isanu ndi umodzi asanabayitse muli mizere 14. Miyezi isanu ndi umodzi yotsatira muli iwiri, ndipo umodzi ndi wa tsiku limene anagwira ntchito usiku wonse. Ndinawafunsa ngati akuganiza kuti ndi jakisoni. "Kaya, achimwene," anayankha. "Khutu likulirabe, ndipo foni ndimaikabe kumanja. Koma Lamlungu ndinakhala kutsogolo, pafupi ndi kwaya."