ZA KUTALI NDI PAFUPI: Mzinda wa Santander Unabzala Makutu M'misewu

Mlimi wa kachewere ku Tsangano akafuna kudziwa ngati dimba lake likufuna madzi, safunsa munthu ayi. Amangopisa chala m'nthaka, ndipo akapeza chinyontho amabwerera kunyumba osatunga madzi. Nanga mzinda waukulu, wokhala ndi misewu mazanamazana, mipope, nyali ndi migolo ya zinyalala, ungapise bwanji chala paliponse tsiku ndi tsiku? Funso limeneli ndilo linabala chimene ophunzira amatcha "mzinda wanzeru". Popeza ana ambiri a m'maboma a m'malire muno akukhala ku Tete, ku Moatize ndi ku Beira, ndi bwino makolo awo adziwe tanthauzo la mawuwa asanawamve pamsonkhano wa ofuna mavoti.

Chitsanzo chomveka chili ku Santander, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa dziko la Spain, womwe uli ndi anthu oposa 170,000. M'chaka cha 2010 akuluakulu a mzindawo, yunivesite ya Cantabria ndi kampani ya mafoni ya Telefónica anayamba ntchito yotchedwa SmartSantander ndi thandizo la ndalama zochokera ku bungwe la maiko a ku Ulaya. M'zaka zochepa anaika tizipangizo pafupifupi 12,000 mumzindamo. Tina anatikwirira pansi pa phula, tina anatimangirira pamitengo ya nyali, ndipo tina anatikweza pamwamba pa mabasi ndi matakisi kuti tiziyeza utsi ndi kutentha pamene galimotozo zikuyenda.

Kachipangizo kalikonse kanali ndi ntchito yake. Kokwiriridwa pamalo oimikapo galimoto kankamva chitsulo cha galimoto ikaima pamwamba pake, chifukwa chitsulo chimasokoneza mphamvu ya maginito ya dziko. Zikatero, zikwangwani zam'mphambano zinkasonyeza oyendetsa msewu umene uli ndi malo, kuti asamazungulire pachabe akuwotcha mafuta. M'mapaki a mzindawo, momwe muli maluwa ndi kapinga, tizipangizo tinkayeza chinyontho m'nthaka kuti madzi azitsegulidwa pokhapokha pauma. Tina tinaikidwa m'migolo ya zinyalala kuti lole izidziwa mgolo umene wadzaza. Cholinga chake chinali kusamala madzi, magetsi ndi mafuta kuti zidzukulu zidzapezeko.

Koma kumva kokha sikupindula ngati uthenga sukufika kwa eni ntchito. Kukumba ngalande ndi kuyala waya mpaka pa kachipangizo kalikonse kukadatha ndalama zosaneneka, n'chifukwa chake uthengawo umayenda pa mafunde a wayilesi. Ku Santander kachipangizo ka pansi pa phula kanali ndi liwu laling'ono, lofika pamtengo wa nyali wapafupi basi. Kabokosi ka pamtengopo kankalandira uthengawo n'kupatsira kanzake ka pamtengo wotsatira, monga momwe uthenga wa maliro umayendera mudzi ndi mudzi, mpaka kufika pa bokosi lalikulu lolumikizidwa ku intaneti. Kuchoka pamenepo unkalowa m'makompyuta osonkhanitsa zonse za mzindawo.

Owerenga angafunse kuti bwanji osangogwiritsa ntchito nsanja za mafoni monga za Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Yankho lake aliyense wokhala ndi foni akulidziwa: foni imanyamula mawu, zithunzi ndi ndalama za M-Pesa kapena e-Mola, koma batire lake limatha msanga ndipo kulankhulapo n'kolipira. Wi-Fi nayo imanyamula zambiri koma siipita patali. Kachipangizo ka m'nthaka sikafuna zonsezi. Kamangodzuka, kunena mawu ochepa monga "pano pauma" kapena "pano padzaza", n'kugonanso, ndipo chifukwa chogona nthawi yambiri batire lake limakhalitsa.

Pambuyo pake panabwera mtundu wina wa wayilesi wa ntchito yomweyi, wotchedwa LoRa, womwe liwu lake limafika makilomita angapo mumzinda ndi kupitirira 10 pamalo opanda zotchinga, pamene batire lake limatha kukhala zaka. M'chaka cha 2015 anthu wamba ndi makampani ang'onoang'ono a mumzinda wa Amsterdam, ku Netherlands, anasonkherana n'kuika mabokosi olandirira uthenga 10 okha pamadenga, ndipo m'milungu yochepa mzinda wonse unali ukumveka. Mzindawu uli ndi ngalande zambiri zoyendamo mabwato, choncho ntchito imodzi yoyambirira inali kachipangizo kochenjeza mwini bwato pafoni pamene madzi ayamba kudzaza m'bwato lake. Ntchito yaing'ono, koma yopulumutsa chuma cha munthu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kachipangizo kakanena kuti paipi yaphulika, sikatenga sipanala n'kupita kukamanga. Pafunika munthu wolipidwa, wokhala ndi njinga kapena galimoto, zipangizo zosinthira ndiponso mkulu womufunsa ngati wagwiradi ntchito. A ku Santander anakonzanso njira yotchedwa Pulso de la Ciudad, yoti munthu akaona dzenje mumsewu kapena nyali yakufa ajambule pafoni n'kutumiza ku khonsolo, kenaka azitsatira ngati dandaulo lake layankhidwa. Njira yotere ili ndi phindu pokhapokha dzenjelo likakwiriridwa. Likakhala chikhalire, anthu amatopa n'kuleka kutumiza.

Chachiwiri, makutu amenewa amakalamba. Batire, ngakhale lokhalitsa chotani, tsiku lina limatha. Mvula imalowa m'timabokosi, dzuwa limatiwotcha, ndipo okonza msewu akathira phula latsopano kachipangizo kamakwiririka. Anthu a kumidzi akudziwa bwino za mijigo imene inatsegulidwa ndi nyimbo ndi nthungululu, koma patapita zaka ziwiri inaima chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi ndi munthu wodziwa kukonza. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndalama zogulira chinthu zimapezeka mosavuta kusiyana ndi zochisamalira chaka ndi chaka.

Chachitatu, wayilesi iliyonse imadalira magetsi ndi nsanja, ndipo phunziro limeneli dziko la Mozambique linalilipira ndi misozi. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe wa Idai anawomba mzinda wa Beira, wokhala ndi anthu pafupifupi theka la miliyoni. Mitengo ya magetsi inagwa, nsanja za mafoni zinaonongeka, ndipo kwa masiku angapo anthu a ku Angonia ndi kwina okhala ndi abale kumeneko ankaimba foni osamva kanthu. Mabungwe othandiza anachita kubwera ndi mafoni a setilaiti kuti amvane. Anthu oposa 600 anamwalira m'dziko muno. Mzinda umene waika nzeru zake zonse pa mafunde a wayilesi uyenera kukonzeratu mabatire aakulu, magetsi a dzuwa ndi nsanja zolimba, chifukwa tsiku la tsoka ndilo tsiku limene uthenga umafunika koposa.

Nkhaniyi si ya azungu okha. M'chaka cha 2018 bungwe la United Nations linanena kuti pofika 2050 anthu 68 mwa 100 alionse padziko lapansi adzakhala m'mizinda. Tauni ya Ulongwe, imene inapatsidwa khonsolo yakeyake m'chaka cha 2008, ikukulirakulira, ndipo Tete ndi Moatize zakula kwambiri chifukwa cha malasha. Kumene anthu achuluka, madzi otayika m'paipi yoboola ndi madzi amene mayi wina wakhala akudikira pampope kuyambira tambala woyamba. Kachipangizo kotchipa konena msanga kuti thanki yaphwa, kapena kuti mtsinje wa Revúbuè ukukwera, kangathandize anthu otere kuposa zikwangwani zowala zam'misewu ya ku Ulaya.

Choncho tsiku limene wina adzaimirira pabwalo n'kulonjeza mzinda wanzeru, mafumu, anyakwawa ndi onse olipira msonkho wa pamsika asadzachite manyazi kufunsa. Kodi chipangizocho chikuthetsa vuto liti limene anthu akulira nalo lero? Uthenga ukafika, adzayankha ndani, ndipo pakatha masiku angati? Batire likatha, ndalama zogulira lina zidzachokera m'thumba la yani? Magetsi akazima, chidzalankhulabe? Wolonjeza akayankha mafunso anayiwa momveka, amvereni. Akayamba kuzungulira, ndalamazo zikonzere kaye mjigo umene unaima.