Kupemphera mwakachetechete

Omvera athu kuno ku Chipoka ndi madera onse a Salima, tamvani izi.

Kuli Akhristu otchedwa ma Quaker, kapena kuti Abwenzi. Mpingo wawo unayambira ku England, mtsogoleri wake anali George Fox. Mu 1902 Abwenzi anafika ku Kaimosi, m'dziko la Kenya. Lero Kenya ili ndi Abwenzi ambiri kuposa dziko lina lililonse.

Ambiri kumeneko ali ndi abusa ndipo amaimba. Koma ena anasunga mapempheredwe akale. Amakhala pansi, duu, pafupifupi ola lathunthu. Kulibe guwa, kulibe mlaliki. Wina akamva mawu mumtima, kaya ndi mayi kaya mnyamata, amaimirira n'kulankhula. Kenako zii.

Amakhulupirira kuti Mulungu amalankhula ndi munthu aliyense.

Zimenezi zimandikhudza. Ife timafuna chitsitsimutso, ndiye tinagula zimkuzamawu. Ulaliki umamveka mpaka kudoko. Koma mayi wogulitsa usipa uja, amene amakhala pabenchi lakumbuyo chaka chonse, tinamumvapo liti? Mulungu amalankhula ndi munthu aliyense, ndi iyenso.

Omvera, Lamulungu likubwerali tapemphani abusa anu kuti mukhaleko chete pang'ono musanatuluke.