Dzina la kwanu ndi chuma: phunziro la ku France kwa a ku Machinga ndi Balaka

Aliyense amene anakwerapo minibasi kuchoka ku Zomba kupita ku Balaka akudziwa zimene zimachitika galimoto ikangoima pa Liwonde. Mawindo onse amadzaza ndi manja. Uyu wanyamula nsomba, uyo mpunga wa m'jumbo, winayo malambe kapena chinangwa chophika. Malonda amatheka ndithu, koma wogula akafika kwawo ku Lilongwe n'kufunsidwa kuti mpunga wonunkhirawu ndi wa kuti, yankho lake limangokhala lakuti, "Ndagula panjira." Dzina la mudzi umene unalima mpungawo latayika, ndipo pamodzi ndi dzinalo yatayikanso ndalama imene mlimi akanapeza wogulayo akanabweranso kudzafuna mpunga womwewo.

Ife tikuona kuti maboma a Machinga ndi Balaka ali ndi zakudya, malo ndi mbiri zoti n'kudyetsa mabanja ambiri, koma zonsezi zikugulitsidwa popanda dzina. Kuti timveke bwino, tiyeni tione zimene anachita anzathu a ku France.

Dziko la France linalandira alendo pafupifupi 100 miliyoni m'chaka cha 2024. Ambiri mwa iwo sathera mumzinda wa Paris mokha. Amapita kumidzi kukalawa chakudya chimene chimadziwika ndi dzina la dera lake. Izi sizinangochitika mwamwayi. M'chaka cha 1925 dzikolo linakhazikitsa lamulo loteteza tchizi wa Roquefort. Lamulolo limati tchizi angatchedwe dzinali pokhapokha ngati wapangidwa ndi mkaka wa nkhosa ndipo wakhwimira m'mapanga a kamudzi ka Roquefort-sur-Soulzon. Wina akapanga wofanana naye kwina, agulitse ndi dzina lina. Mu 1935 anakonza dongosolo loteteza mayina a vinyo, n'chifukwa chake mpaka lero vinyo wotchedwa Champagne amayenera kuchokera kudera la Champagne basi.

Mwina wina anena kuti tchizi ndi vinyo n'za azungu, sizikutikhudza. Chabwino, tiyeni tikambe za mpunga ndi nyemba. Kummwera kwa France, kumene mtsinje wa Rhône umathira m'nyanja, kuli dambo lalikulu lotchedwa Camargue. Ndi dera la madzi, mabango ndi mbalame zambirimbiri, ndipo alimi ake amalima mpunga. Kuyambira m'chaka cha 2000 dzina lakuti mpunga wa Camargue ndi lotetezedwa, ndipo wogula amadziwa kumene wachokera. Alimi a dera la Le Puy nawo anateteza dzina la tinyemba tawo tobiriwira mu 1996. Kodi dambo la mabango, mbalame ndi mpunga si chithunzi cha nyanja yathu ya Chilwa? Kodi tinyemba timeneto tikusiyana pati ndi nandolo wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe?

Kusiyana kulipo kumodzi kokha. Alimi a kumeneko anagwirizana, analemba malamulo a kalimidwe ndi kasungidwe, n'kumalanga aliyense wogulitsa chinthu chachabechabe m'dzina la dera lawo. Kuno mpunga wa faya wolimidwa m'madambo a Chilwa umasakanizidwa ndi mpunga wina uliwonse m'thumba la vendala, ndipo ukafika m'tauni ena amaunamizira kuti ndi kilombero wa ku Karonga kuti ugulidwe msanga. Izi zikungoonetsa kuti Amalawi amadziwa kale mphamvu ya dzina. Anthu amalolera kulipira ndalama zambiri akamva kuti mpunga ndi wa ku Karonga kapena khofi ndi wa ku Mzuzu. Nanga bwanji dzina la Chilwa lisamveke chimodzimodzi?

Nkhani ya nandolo ndiye yowawa kwambiri. Alimi a m'maboma awiriwa sadzaiwala chaka cha 2017, pamene dziko la India linachepetsa nandolo wogula kunja ndipo mtengo kuno unagwa mochititsa manyazi. Ambiri anangounjika matumba m'nyumba mpaka anafumbwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti mbewu imene tinkalira kuti yasowa msika ndi ndiwo yokoma imene agogo athu amaiphika m'njira zosiyanasiyana, kuyambira makata mpaka chipere. Koma pitani m'malesitilanti a pa Liwonde kapena pa Balaka, mudzapeza tchipisi, nkhuku ndi nyama ya ng'ombe. Malo ogulitsa chipere cha nandolo, futali, nkhwani wotendera kapena matemba a ku Chilwa ophikidwa bwino ndi owerengeka. Timaganiza kuti mlendo angatiseke. Komatu mlendo amene wachoka ku Blantyre kapena ku London wasiya tchipisi kwawo, ndipo akufuna chimene kwawoko sangachipeze.

Dziko lapansi linavomereza kale kuti chakudya chathu n'cholemekezeka. Bungwe la UNESCO linaika kadyedwe ka anthu a ku France pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2010, ndipo buledi wawo wautali uja wotchedwa baguette analowa mu 2022. Pa mndandanda womwewo nsima ya ku Malawi inalowa mu 2017, zaka zisanu baguette asanalowe. Afalansa anakondwerera ndi kulengeza ponseponse. Kuno ndi angati mwa amayi ogulitsa nsima pamsika amene anauzidwapo kuti ntchito ya manja awo ili pa mndandanda umodzi ndi zakudya za ku France?

Tikachoka ku zakudya, tibwere ku malo. Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Mikango inabwezeretsedwamo mu 2018, zipembere 17 zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo njovu zinachuluka mpaka zina 263 zinasamutsidwira ku Kasungu mu 2022. Alendo akubwera. Funso n'lakuti akatuluka pachipata cha nkhalangoyo, n'chiyani chingawachititse kugona usiku wina m'dera lino? Pakadali pano ambiri amangothira mafuta n'kumapita.

Chonsecho zoti aone zilipo. Nyanja ya Chilwa, imene David Livingstone anaifika mu 1859, ndi dambo lodziwika padziko lonse chifukwa cha mbalame za m'madzi. Mapiri a Chikala anali linga la mfumu Kawinga mpaka asilikali a atsamunda atalilanda mu 1895. Mbiri imeneyi ili ndi mbali zowawa, chifukwa ikukhudza nkhondo ndi malonda a akapolo, koma ana athu akuyenera kuimva yonse kuchokera kwa eni ake. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, yomangidwa mu 1965, imene imawongolera madzi a mu Shire opangira magetsi a dziko lino. Pali njanji yochokera pa Nkaya kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970 kutilumikiza ndi doko la Nacala. Palinso magule monga manganje, beni ndi likwata.

Ndipo France amene tikumukambayu anapondapo kale kuno. Ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku France anafika m'dziko muno mu 1901 n'kuyamba ntchito ku Nzama m'boma la Ntcheu, ndipo mu 1908 anatsegula mishoni ya Utale, imene lero ili m'boma la Balaka. Ku Utale kunadziwikanso ndi ntchito yosamalira odwala khate. Kaya munthu amapemphera kutchalitchi kapena kumzikiti, malo ngati amenewa ndi mbiri ya tonsefe. Ku France, kuyambira mu 1984, chaka chilichonse mu September amapatula nthawi yoti nyumba zakale zitsegulidwe kuti anthu wamba akaone, kawirikawiri mwaulere. Ife tili ndi ana a sukulu a pa Ntaja amene amaona phiri la Chikala tsiku ndi tsiku koma sanamvepo zimene zinachitika kumeneko.

Tisanamizane, Malawi si France. Kumeneko kuli misewu ya tala mpaka kumudzi, magetsi osazimazima ndi boma lokhala ndi ndalama zothandizira alimi. Kuno mayi wogulitsa zitumbuwa amaganiza za chakudya cha lero, ndipo nkhani ya kulembetsa dzina ingamveke ngati maloto a anthu okhuta. Tikudziwanso kuti kuteteza dzina pakokha sikudzaza thumba. Ngati mpunga uli ndi miyala, kapena matemba ali ndi mchenga chifukwa choyanikidwa pansi, dzinalo limasanduka chenjezo loti anthu asagule.

Komabe umboni woti n'zotheka uli pakhomo pomwepa. Balaka linakhala boma palokha mu 1998, litapatulidwa ku Machinga, koma dzina lake linali litamveka kale m'dziko lonse chifukwa cha nyimbo. Gulu la Alleluya Band, limene linayamba mu 1978, pamodzi ndi Paul Banda ndi mng'ono wake malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024, anachititsa kuti anthu azinena za chamba cha ku Balaka.  Anachita chinthu chawo mwaluso kwa zaka zambiri ndipo sanachite manyazi kunena kumene akuchokera. Zimene zinatheka ndi gitala zingathekenso ndi malambe, masau ndi bwemba, zipatso zimene zimabereka ngakhale chaka cha chilala.

Choncho pempho lathu likupita kwa anthu anayi. Kwa alimi ndi asodzi: lowani m'makopaletivi, gwirizanani za mtundu wa mbewu, kapetedwe ndi kayanikidwe, ndipo pathumba lililonse lembani dzina la dera lanu. Pitani ku Malawi Bureau of Standards kuti katundu wanu aloledwe m'masitolo akuluakulu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo vendala amapondereza mlimi amene wabwera yekha ndi ndowa imodzi.

Kwa makhonsolo a Machinga ndi Balaka: ndalama za ziphaso za pamsika zimene mumatolera tsiku lililonse zibwerereko pang'ono. Malo aukhondo ophikira ndi kudyera zakudya zakwathu pa Liwonde, okhala ndi madzi ndi zimbudzi, sangagwetse bajeti ya khonsolo. Zikwangwani zofotokoza mbiri ya malo m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi nazonso si zodula. Sankhani tsiku limodzi pachaka loti sukulu zonse zikayendere malo a mbiri amene ali pafupi nazo.

Kwa mafumu, kuyambira gogo chalo Kawinga mpaka nyakwawa: mbiri ya mudzi ili m'mitu ya okalamba, ndipo maliro aliwonse amapita ndi gawo lake. Itanani aphunzitsi ndi achinyamata amene ali ndi mafoni kuti ajambule mawu a agogowa adakali moyo. Tetezaninso gwero la chumachi. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope. Tikapitiriza kugwetsa mitengo ya m'mapiri kuti tiotche makala, ndi kupha nsomba ndi maneti a udzudzu nthawi imene nyanja yatsekedwa, sipadzakhala matemba oti tiwapatse dzina.

Pomaliza, kwa inu makolo. Afalansa sanayambire ku ofesi ya boma. Anayambira kukhitchini, kumene mwana amaphunzira kuti chakudya cha kwawo n'chonyaditsa. Mwana amene amamva mayi ake akupepesa alendo chifukwa ndiwo ndi nandolo amakula akudziwa kuti nandolo ndi umphawi. Loweruka lino phikani chipere kapena futali, muitane ana, anyamata ndi atsikana omwe, aone kaphikidwe kake, ndipo muwauze kuti munaphunzira kwa yani. Akadzatsegula lesitilanti yawo pa Liwonde zaka zikubwerazi, adzakhala ndi chogulitsa chimene wina aliyense alibe.