Buku la Nthondo Liphunzitsidwe Lonse, Osalumpha Masamba

Buku la Nthondo, lolembedwa ndi Bambo Samuel Josiah Nthara, ndi limodzi mwa mabuku akale kwambiri amene ana a sukulu za sekondale akhala akuwerenga pokonzekera mayeso a Chichewa a MSCE. Bambo Nthara anabadwa m'chaka cha 1905, ndipo anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pamene analemba nkhaniyi. Inapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, nisindikizidwa m'chaka cha 1933, ndipo chaka chotsatira Mbusa T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi naitcha Man of Africa. Bukuli limasimba za moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa: ubwana wake, umbava wake, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, kulowa kwake ufumu, ndi kutembenuka kwake kukhala Mkhristu.

Mphunzitsi wa m'boma la Chiradzulu akatsegula bukuli amakumana ndi zovuta ziwiri. Choyamba ndi chakuti nkhaniyi ili ndi matenda, maliro, kuombeza ndi kuganizirana ufiti. Chachiwiri ndi chakuti mlembi anali munthu wa mishoni, ndipo anathetsa nkhani yake ndi kutembenuka mtima, pamene ana a m'kalasimo ndi Alomwe, Ayao ndi Amang'anja, ena Akhristu ena Asilamu. Tsono njira yapafupi ndiyo kulumpha masamba ovutawo, kapena kulembetsa ana manotsi oti aloweze, kuti pasakhale wofunsa funso. Njira imeneyi ndi yolakwika, ndipo aphunzitsi ayenera kuikana.

Nkhani ya ufiti siinathere m'masiku a Bambo Nthara. M'mwezi wa January 1916 sipakuyenera kufunidwa chitsanzo, pakuti zitsanzo zilipo za masiku ano. Mu January 2016 anthu okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. M'chaka cha 1917 panalibe lamya za m'manja, koma m'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinathamanga kuchokera ku Mulanje ndi ku Phalombe kufikira ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, ndipo anthu anaphedwa ndi magulu aukali popanda kuzengedwa mlandu. Mnyamata wa Fomu 4 amene sanakambepo za mantha otere m'kalasi ndi yemweyo amene mawa adzatola mwala pamene khamu likuloza chala agogo ake. Bukuli limapatsa mphunzitsi mpata wofunsa kuti: munthu akadwala kapena kumwalira, chifukwa ninji mtima umafulumira kufuna womukomera mlandu? Ndani amene kawirikawiri amalozedwa chala, wamphamvu kapena wopanda womuyankhulira? Pomwepo mphunzitsi auze ana kuti lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti ndiponso kumwetsa mwavi.

Kunena za chipembedzo, ntchito ya mphunzitsi wa Chichewa si kulalikira, ndiponso si kunyoza mlembi. Ntchito yake ndiyo kuonetsa ana kuti buku lililonse lili ndi mwini wake, amene analilemba pa nthawi yake ndi pa malo ake. Ana adziwe kuti Bambo Nthara analemba m'nthawi ya Atsamunda, pamene pafupifupi sukulu zonse zinali m'manja mwa mishoni, ndi kuti miyambo ya Achewa imene anaifotokoza mosamala chotere anaiona ndi maso a Mkhristu. Akadziwa zimenezi, mwana wa Chisilamu sadzaona ngati bukulo likumuweruza, ndipo mwana wa Chikhristu sadzaliyesa ulaliki. Onse adzatha kufananiza mwambo wa maliro kapena wa ufumu wa m'bukumo ndi wa kwao, ndi kufunsa chimene mlembi anayamikira, chimene anadzudzula, ndi chimene anangokhala chete osachitchula. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Anthu a ku Chiradzulu ali ndi chifukwa chawochawo chosaopera mafunso a ana a sukulu. Ndi m'boma lomweli, pa Mbombwe, pamene Mbusa John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900, natsegula sukulu za ana a anthu akuda. Amene anaopa sukuluzo anali eni minda ya thangata. William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, anatentha nyumba zopemphereramo zimene anthu a Chilembwe anamanga m'mindamo. Nkhondo ya pa 23 January 1915, m'mene Livingstone anadulidwa mutu, ndi nkhani yoopsa kuposa tsamba lililonse la m'buku la Nthondo, komabe imaphunzitsidwa, ndipo dziko lonse limakumbukira Chilembwe pa 15 January chaka ndi chaka. Ngati ana amatha kumva zimenezo, za Nthondo sizingawalemere.

Alipo amene anganene kuti nthawi ndi yochepa, mabuku ndi osakwanira, ndipo mayeso sadikira munthu. Mawu amenewa ndi oona, ndipo mphunzitsi wokhala ndi ana ambiri m'chipinda chimodzi sayenera kunyozedwa. Koma ophunzira amene anakangana pa khalidwe la Nthondo amakumbukira nkhaniyo kuposa amene anangoloweza, ndipo pa mayeso amayankha ndi nzeru zawo. Enanso angaope kuti makolo adzakwiya. Apa mphunzitsi wamkulu achite mbali yake: afotokozere komiti ya makolo ndi aphunzitsi chimene ana akuwerenga ndi chifukwa chake, dandaulo lisanabwere. Mphunzitsi nayenso asamale lilime, podziwa kuti pakati pa ana amene akumva za maliro pali amasiye, ndipo asalole kuti dzina la munthu wa m'mudzi litchulidwe pokamba za ufiti.

Oyang'anira maphunziro nawo ali ndi udindo. Akafika pa sukulu asangowerenga mitu imene yatha, koma afunsenso ngati ana analigwira bukulo m'manja ndi kuliwerenga okha kuyambira tsamba loyamba kufikira lomaliza. Kumene mabuku ali ochepa, kuwerenga mokweza m'magulu kuli bwino kuposa manotsi olembedwa pa bolodi. Ana a Fomu 4 a lero ndiwo aphunzitsi, apolisi, anamwino ndi mafumu a mawa, amene adzaweruza milandu yeniyeni ya umbava, ya maliro ndi ya kunenerana ufiti. Nkoyenera kuti ayambe kuphunzira kuweruza pa mlandu wa Nthondo, pamene palibe munthu amene angavulale.