NJERWA NZATHU, ANA NGATHU, NANGA PULANI NJA YANI?

Abale ndi alongo a nthambi yathu, chilimwe chili chonse mafumu amatimemeza kuti tipite kudambo kukaumba njerwa za sukulu, ndipo ife timapita osawiringula. Makolo athu anaumba njerwa za sukulu za mishoni boma lino likali kutchedwa Fort Manning, nafenso tinaumba m'masiku a MASAF. Koma lero tifunsa funso limodzi: kodi ndani mwa inu anaonetsedwapo pulani ya nyumba imene anasenzera mchenga? Ife tiumba, titunga madzi, tituta miyala, koma pulani ibwera m'chikwama cha kontirakitala, ndipo ife tingoiona nyumba itatha.

M'chaka cha 1994 Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, koma zipinda zinaperewera, ana ambiri nakhala pansi pa mitengo. Kuyambira pamenepo, tikati tidandaule za mamangidwe oipa, akuluakulu amatitseka pakamwa ndi mawu akuti bola chipinda kusiyana ndi pansi pa mtengo. Mawu amenewa ife tiwakana.

Lowani m'kalasi mwezi wa Okotobala dzuwa lili paliwombo. Malata ali pafupi ndi mitu ya ana, siling'i palibe, mazenera ndi timabowo tambali imodzi, mphepo ilibe potulukira. Unduna umati chipinda chikhale cha ana 60, koma mu Sitandade 1 timaona ana opitirira 100 atakhala pansi mothithikana. Mwana akawodzera timuti ngwaulesi, chikhalirecho tamuika mu uvuni. Mvula ikagwa, malata achita phokoso, mphunzitsi aleka kuphunzitsa. Mmodzi akakhala ndi chifuwa, sabata isanathe kalasi lonse likutsokomola. Kodi nyumba yotere iposa mtengo wa mango ndi chiyani? Pansi pa mango pali mthunzi ndi mpweya wabwino.

Nyumba yomangidwa mwachisawawa imaphanso. Mu Juni 2018 khoma linagwera ana pa sukulu ya Natchengwa ku Zomba, ndipo anayi anamwalira. Sukulu yopanda zimbudzi ndi madzi nayo ndi msampha: kolera amene anayamba mu 2022 anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayo.

Tsono pali nkhani ya mitengo. Uvuni uli wonse wa njerwa umadya nkhuni zambiri, ndipo nkhunizo zichokera m'mapiri athu omwewa mmene muchokera mtsinje wa Bua. Tidula mitengo imene ikanatchinga mphepo, kenaka tidabwa mphepo ikasasula denga. M'chaka cha 2018 Boma linaika malamulo oletsa njerwa zowotcha pa zomanga za Boma ndi zamalonda. Njira ina ilipo: dothi lathu lomweli, kusakaniza ndi simenti pang'ono, kulitsindira m'makina a pamanja, ndi kulisiya liume pamthunzi popanda moto. Nanga bwanji amatituma kuwotcha njerwa, osatibweretsera makinawo?

Adzatiuza kuti ndalama palibe, nyumba zabwino nza maiko olemera. Limeneli ndi bodza. Ku Burkina Faso, dziko losauka, komanso lotentha koposa lathu, mwana wa m'mudzi wa Gando dzina lake Francis Kéré anamanga sukulu pamodzi ndi anthu a kwawo mu 2001. Anamanga ndi njerwa za dothi, natukula malata pamwamba pa siling'i kuti mphepo izipita pakati. Mu 2022 analandira mphotho ya Pritzker, imene ili yaikulu pakati pa amisiri olemba mapulani. Zambiri zimene zipangitsa chipinda kukhala chozizira sizifuna ndalama, zifuna kuganiza nyumba isanayambe. Kutembenuza maziko kuti dzuwa lisalowe pazenera sikuonjeza ngakhale tambala imodzi.

Chifukwa chake tipempha membala ali yense amene ali mu komiti ya sukulu, kaya ku Mkanda, ku Kapiri, ku Kamwendo kapena ku Waliranji, aumirire zinthu izi:

1. Pulani ndi mtengo wake ziwerengedwe m'Chichewa pamsonkhano wa makolo, mafumu ndi aphunzitsi njerwa yoyamba isanaikidwe, ndalamazo zichokere ku khonsolo, kwa phungu kapena ku bungwe.

2. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera, mazenera aakulu akhale mbali zonse ziwiri, ndipo khonde likhale lotambalala.

3. Denga likwere, pakhale mpata wotulukira mpweya wotentha, pansi pake siling'i ngakhale ya bango kapena nsungwi. Phaso limangiriridwe ku khoma ndi waya wolimba.

4. Maziko akhale a miyala ndi simenti, ndipo mmisiri wodziwa ntchito ayendere nyumba ana asanalowemo.

5. Zimbudzi za atsikana ndi za anyamata zimangidwe pamodzi ndi makalasi, kumunsi ndi kutali ndi mjigo, pakhalenso posamba m'manja.

6. Madzi a padenga asatayike. Denga la mamita 20 mulitali ndi 8 mulifupi, mvula ya mamilimita 10 ikagwa, lipereka malita 1,600, ndiwo ndowa 80 za malita 20.

7. Sukulu ili yonse ibzale mitengo kumbali yochokera mphepo.

Tidziwa kuti ena aopa kulankhula, poganiza kuti tikafunsa zambiri chitukuko chidzapita kwina. Abale, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kontirakitala alandira ndalama zake napita, phungu adula riboni nakwera galimoto. Otsala m'chipindacho zaka zambiri ndi ana athu ndi adzukulu athu. Ntchito imene munthu aigwira wopanda mawu makolo athu ankaitcha thangata, ndipo anaikana. Pamsonkhano wa nthambi ukudzawu, komiti ili yonse ibwere ndi yankho: kodi pulani mwaiona kapena iyayi? Ngati simunaione, zikombole zikhale m'nyumba kufikira aibweretse.

Mlembi wa Nthambi