Katundu wodzaza mu weyahausi si phindu

Mabuku a ndalama a fakitale angathe kuonetsa phindu likukwera pamene ndalama ku banki zikutha, ndipo zimenezi zimatheka popanda wina kuba kapena kusintha nambala. Akauntanti watsatira zonse zimene anaphunzira, maodita asaina, bodi yaomba m'manja, koma pakutha pa mwezi kampani ikugogoda ku banki kupempha ovadrafuti kuti ilipire antchito. Gwero la vutoli ndi kawerengedwe kamene kamatenga katundu wosagulidwa ngati chuma. Ine ndikuti kampani imene yatsimikiza kuchotsa zowononga pa ntchito yake iyambe ndi kukonza kawerengedwe kameneka. Ikapanda kutero, idzadzudzula manejala amene akuipulumutsa ndi kupereka bonasi kwa amene akuilowetsa pansi.

Tiyerekeze fakitale yopanga ndowa zapulasitiki ku Makata mu Blantyre. Lendi, inshuwalansi, malipiro a mabwana ndi akapitawo komanso kutha kwa makina zimadya K100 miliyoni pa mwezi, kaya makina alira kaya agona. Makasitomala amagula ndowa 100,000 pa mwezi. Fakitale ikapanga ndowa 100,000, ndowa iliyonse imasenza K1,000 ya ndalama zimenezi. Tsopano manejala walamula kuti makina alire usana ndi usiku, ndipo ndowa zatuluka 200,000. Iliyonse yasenza K500 yokha. Zogulidwa ndi 100,000 zomwe zija, choncho mabuku alemba kuti K50 miliyoni yokha ndiyo yawonongedwa mwezi umenewo. K50 miliyoni inayo yakwera pamsana pa ndowa zotsala n'kukagona nazo mu weyahausi, kumene yalembedwa ngati chuma cha kampani. Phindu lakwera ndi K50 miliyoni popanda kasitomala watsopano ndi mmodzi yemwe. Pomwepo kampani yagula pulasitiki wowirikiza, yalipira magetsi ndi ovataimu, ndipo ndowa zasanjikizana mpaka kudenga, zapansi zikupindika ndi kulemera kwa zinzake, zapafupi ndi zenera zikufwifwa ndi dzuwa. Wina ayenera kuziwerenga, wina kuzilondera usiku. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo phindu lotereli silinafike n'pachala pomwe.

Kawerengedwe kameneka sikanabadwe kolakwika. Kanapangidwira mafakitale a nthawi ina, pamene ndalama zambiri zinkapita ku manja a antchito, katundu anali wa mitundu yochepa ndipo chilichonse chopangidwa chinkapeza msika. Thomas Johnson ndi Robert Kaplan, m'buku lawo la Relevance Lost la 1987, anaonetsa kuti pafupifupi njira zonse zowerengera ndalama za mkati mwa kampani zimene zinkagwiritsidwa ntchito pa nthawiyo zinali zitakhazikika kale pofika 1925. Ku Japan zinthu zinayenda mwina. Toyota itatuluka m'nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inalibe ndalama zounjikira katundu, msikanso unali waung'ono. Taiichi Ohno anamanga kagwiridwe ka ntchito koti chinthu chizipangidwa pokhapokha wotsatira pa mzere atachifuna, ndipo pa mitundu isanu ndi iwiri ya zowononga imene anaitchula, kupanga mopitirira zofunika ndiko ankakuona koipitsitsa, chifukwa kumabisa zina zonse. Makina ovutavuta saoneka ngati pali mulu wa katundu woti n'kutapapo. Njira imeneyi inadziwika padziko ndi dzina loti lean buku la The Machine That Changed the World litatuluka mu 1990. Makampani ambiri anaitengera m'fakitale, koma ku ofesi ya akauntanti anasiya zonse mmene zinalili. Zotsatira zake, kapitawo amauzidwa m'mawa kuti apange zokhazo zimene zaodedwa, madzulo n'kulandira lipoti lomudzudzula kuti makina ake sanalire maola okwanira.

Zimenezi si zam'kalasi chabe. Mu 2006 kampani ya Chrysler inaimika magalimoto masauzande ambirimbiri m'mabwalo ozungulira Detroit, magalimoto amene palibe wogulitsa anawaoda, chifukwa kuimitsa fakitale kunkaoneka kowawa pa mabuku kuposa kupanga zosafunika. Pambuyo pake inkachita kunyengerera ogulitsa ndi kutsitsa mitengo kuti atengeko. Sindikunena kuti chimenechi chokha ndicho chinagwetsa Chrysler ndi General Motors mu 2009, pakuti panali ngongole za penshoni, mtengo wa mafuta ndi kugwa kwa chuma padziko lonse. Koma chizolowezi chopanga katundu pofuna kukongoletsa lipoti la miyezi itatu chinali pakati pa matendawo.

Mbali yowawa kwambiri imabwera kampani ikayamba kuchira. Bwererani ku fakitale ya ndowa ija. Manejala watsopano waona weyahausi yodzaza, waimitsa makina ena, ndipo akugulitsa ndowa zakale mpaka zithe. Ndalama ku banki zikukwera, ngongole ikutsika, malo atseguka. Koma K50 miliyoni imene inabisala m'ndowa zija tsopano ikutuluka n'kugwera pa mwezi wake, pamwamba pa ndalama za mwezi womwewo. Lipoti likuti phindu latsika. Bodi yosadziwa chimene chikuchitika idzati njira yatsopanoyi yalephera, ndipo idzabwezeretsa makina usiku. Mapologalamu ambiri a lean amafera pamenepa, ndipo amaphedwa ndi pepala lochokera ku ofesi ya akauntanti. Kampani ya Wiremold ya ku West Hartford, m'boma la Connecticut ku America, yopanga zipangizo zodutsitsamo mawaya amagetsi, inadutsa pamenepa chifukwa mkulu wa zachuma, Orest Fiume, anali mbali imodzi ndi Art Byrne, amene anatenga utsogoleri mu 1991. Fiume anasiya kawerengedwe kakale kotchedwa standard costing ndipo anayamba kulemba malipoti m'mawu oti kapitawo aliyense amve: zogulitsa ndi izi, zipangizo zadya izi, malipiro awa, magetsi awa. Kusintha kwa katundu wa mu weyahausi anakuika pa mzere wakewake, poyera, kuti aliyense aone kuti kutsika kwa phindu kwachokera pati. Katundu amene ankazungulira katatu pa chaka anafika pozungulira ka 18, ndipo mu 2000 kampani ya Legrand ya ku France inagula Wiremold pa madola 770 miliyoni.

Chimene ndikupempha si chachilendo kwenikweni. Ndalama ziziwerengedwa motsata ulendo wonse wa katundu wa mtundu umodzi, kuyambira oda kufikira kasitomala atalipira, m'malo mozigawa m'madipatimenti amene aliyense amangoteteza nambala yake. Lipoti lizituluka sabata iliyonse, osati patapita milungu itatu mwezi utatha, pamene palibe akukumbukira chimene chinavuta. Pambali pa ndalama paziikidwa zinthu zimene kasitomala amamva m'thupi: masiku amene oda imatenga, kuchuluka kwa katundu wofika pa tsiku lolonjezedwa, kuchuluka kwa wobwezedwa.

Akauntanti wodziwa ntchito adzayankha kuti lamulo silimulola. Makampani athu akuluakulu amatsatira malamulo a kawerengedwe a IFRS, ndipo gawo lake la IAS 2 limalamula kuti mtengo wa katundu wosungidwa uphatikize gawo la ndalama zoyendetsera fakitale. Maodita adzafuna zimenezo, a MRA nawonso adzawerengera msonkho pa mabuku omwewo. N'zoona, ndipo palibe akunena kuti lamulolo liphwanyidwe. Koma IAS 2 imanena za lipoti lopita kunja, kwa eni masheya, ku banki ndi ku boma. Siuza manejala nambala imene ayendetsere fakitale Lolemba m'mawa, siuzanso bodi poti imangirire bonasi. Kampani ingathe kuyendetsa ntchito ndi malipoti omveka, n'kuwerengera gawo la lamulolo kamodzi pakutha pa mwezi pa katundu yense pamodzi. Katundu wosungidwa akachepa, kusiyana kwa njira ziwirizi kumachepanso mpaka kusadetsa nkhawa. Chimene chimatchedwa lamulo m'maofesi ambiri ndi chizolowezi chabe, ndipo bungwe la akauntanti la ICAM ndi masukulu ophunzitsa akauntanti angathandize pophunzitsa ophunzira kusiyanitsa ziwirizi msanga.

Kutsutsa kwachiwiri ndiko kolemera, ndipo sindikupeputsa. Malawi si Japan. Toyota inazunguliridwa ndi mafakitale oipatsa zipangizo kangapo pa tsiku, pamene pulasitiki wathu, zitsulo ndi mankhwala zimadzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, n'kudikira pa boda. Ndalama zakunja zimasowa, ndipo amene wapeza madola lero sadziwa kuti adzawapezanso liti. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anali ndi zipangizo mu weyahausi anapuma bwino kuposa amene anali ndi makwacha ku banki. Ndani angauze munthu wotereyu kuti asasunge katundu? Sindingamuuze choncho. Toyota yomweyo, chivomezi cha 2011 chitaimitsa mafakitale ake, inakonza zoti pazisungidwa tizipangizo ta kompyuta ta m'galimoto ta miyezi ingapo, ndipo tizipangizoto tinaithandiza pamene tinasowa mu 2021. Koma taonani kusiyana kwake. Kusunga pulasitiki wosasungunula wa miyezi itatu chifukwa cha madola ndi chiganizo chimene mwini kampani wachipanga maso ali tseguke, ndipo pulasitikiyo angasanduke ndowa, beseni kapena mpando malinga ndi oda ya mawa. Kumusandutsa ndowa zofiira 100,000 zimene palibe wazipempha ndi kutseka njira zonsezo, kuwonjezapo magetsi ndi malipiro, kenaka n'kudikira. Kawerengedwe kakale sikasiyanitsa ziwirizi, ndipo kamakondera chachiwiricho, chifukwa pulasitiki wosasungunula sasenza lendi koma ndowa imasenza. Dziko losowa madola ndilo liyenera kusamala koposa kuti dola iliyonse isagone m'katundu wolakwika. Chiwongoladzanja cha Reserve Bank of Malawi chinafika 26 peresenti mu 2024, ndipo pa mlingo umenewo katundu wa K100 miliyoni wogulidwa ndi ngongole amadya K26 miliyoni pa chaka ali chikhalire. Ndalama imeneyi sioneka pa mtengo wa ndowa. Imakabisala pansi pa lipoti, pa mzere wa chiwongoladzanja, kumene manejala wa fakitale safunsidwa kanthu.

Antchito nawo ali ndi mantha awo, ndipo ndi omveka. Akamva kuti makina azigona masiku ena, amadziwa kuti chotsatira ndi makalata owachotsa ntchito. Kawerengedwe kakale ndiko kamakolezera mantha amenewa, chifukwa kamaona munthu amene wamasuka ola limodzi ngati ndalama yotayika. Byrne atachepetsa antchito koyambirira ku Wiremold analonjeza otsalawo kuti palibe adzachotsedwe chifukwa choti ntchito yafewa, pozindikira kuti munthu sangakuonetse njira yachidule ngati njirayo ikutulutsa iyeyo pageti. Lipoti labwino limaonetsa maola ndi makina omasukawo ngati mpata wolandirira maoda atsopano popanda kugula makina ena, ndipo limapereka udindo wopeza maodawo kwa a zamalonda.

Udindo waukulu uli ndi bodi. Mamembala ake asamalandire phindu lokwera asanafunse kuti katundu wa mu weyahausi wakwera ndi zingati mwezi womwewo, ndi kuti ndalama zenizeni zalowa zingati. Bonasi ya manejala wa fakitale ichoke pa mtengo wa ndowa imodzi ndi maola amene makina alira, imangiriridwe pa katundu wofika kwa kasitomala pa nthawi yake ndi ndalama zimene zamasuka. Ndipo kampani isanayambe kuchepetsa katundu, akauntanti akhale pansi ndi bodi komanso banki imene inaikongoza, awaonetse ndi manambala kuti phindu la pa pepala lidzatsika kwa miyezi ingati ndiponso ndi ndalama zingati, kuti miyezi imeneyo ikafika pasapezeke wolamula kuti makina ayambenso kulira usiku.